Katoni Imene Ndinatumiza ku Sukulu ya Amuna Anga

Ndikupatsani moni abusa ndi mayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu nonse amene mwakwera mabasi awiri kapena atatu kuti mufike muno ku International City, kuno ku Dubai, m'mawa uno. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ambiri mumandidziwa kuti mayi a Tadala. Ndimakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, chifukwa ndimafika mochedwa ndipo ndimanyamukanso msanga. Lero ndapempha abusa kuti andilole ndiime kutsogolo kuno. Ndabwera kudzachitira umboni Mulungu wanga, koma mundipirire abale, chifukwa umboni wanga ukuyambira pa kulakwa kwanga.

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba ku Al Twar. Ndimasamalira agogo ena, mayi awo a madamu anga, amene sathanso kuyenda. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawanyamula kuwachotsa pabedi kuwaika pa mpando wamatayala. Ndimagona komweko. Tsiku langa lopuma ndi Lamulungu, ndipo si Lamulungu lililonse. Amayi anzanga a m'nyumba mukudziwa zimene ndikunena.

Kumudzi ndinasiya amuna anga ndi ana athu awiri. Amuna anga ndi mphunzitsi wa boma. Agwira choko zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zomalizazo anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale kwathu. Dera lonse limangowatchula kuti ahedi. Dzina la sukuluyo sinditchula, ndi dzina la chipani sinditchulanso, chifukwa muno tilimo a zipani zonse. Ndi munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Ine mkazi wawo, mpaka lero sindikudziwa amene amamuvotera. Ndikawafunsa amangoseka n'kunena kuti, "Zimenezo ndi za ine ndi bokosi."

Ndili ndi mchimwene wanga wamng'ono, Levisoni. Mayi athu atamwalira ndinamulera ndine, ndiye kwa ine ali ngati mwana wanga woyamba. Chisankho chapitachi anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa khansala, poimira chipani china. Tsiku lina anandiimbira.

"Achemwali, anzanga akugawa nsalu ndi matisheti. Ine ndikungoyenda ndi pakamwa pokha. Anthu akundifunsa kuti, kodi si iwe uli ndi mchemwali ku Dubai?"

Mukudziwa mmene amationera kumudzi. Akamva kuti Dubai amayesa timatola golide mumsewu. Sadziwa kuti tikutsuka mbale. Koma mawu amenewo anandilowa mumtima. Ndinafuna kuti mchimwene wanga asachite manyazi, komanso, ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ndinafuna kuti anthu anene kuti mchemwali wake uja ndi munthu.

Lamulungu lina nditatuluka muno, ndinapita kwa bambo wina wa ku Pakistan amene amadinda zovala kuseri kwa mashopu uko. Anandidindira matisheti ndi zipewa, nkhope ya Levisoni kutsogolo, chizindikiro cha chipani kumbuyo. Anadzaza katoni yaikulu. Tsono panatsala funso loti katunduyo akafikire kwa ndani. Foni ya Levisoni imakhala yozima masiku ambiri, ndipo sakhala malo amodzi. Munthu amene ndinkadziwa kuti amapezeka pamalo pake tsiku lililonse anali amuna anga.

Ndinawafunsa. Musaganize kuti sindinawafunse. Ndinawafunsa, ndipo anandiyankha bwinobwino.

"Mayi a Tadala, mlamu wanga ndimamukonda, koma ine ndine wa boma. Lamulo limandilola kukavota, basi. Kuvala za chipani, kugawa za chipani, kuyankhula pa msonkhano wa chipani, zimenezo sindiloledwa. Amene akufuna ndale amayamba watula pansi udindo. Dzina langa musalilembe pa katunduyo."

Ine ndinati, "Ndi katoni chabe. Mungolandira, iye adzatenga. Nanga akuluakulu a boma timawaona atavala nsalu za zipani aja, lamulo silikuwaona?"

Iwo anati, "Amenewo ali ndi owagwira kumsana. Ine ndili ndi choko chokha."

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti abale awo ndimawathandiza osafunsa lamulo, koma ikafika nthawi ya m'bale wanga ayamba kundiwerengera malamulo. Iwo sanabweze. Anangoti, "Ndanena, mayi."

Lamulungu lotsatira ndinakwera takisi ndi katoni ija kupita kwa a kago, otumiza katundu kunja, ku Ras Al Khor. Kunali kotentha, mzere unali wautali, ndipo nthawi yobwerera kuntchito inali itayandikira. Bambo wa pakauntala anandipatsa pepala n'kumagogoda tebulo pondifulumizitsa, "Yalla, yalla, dzina la wolandira." Abale, dzanja ili, lomweli mukulionali, linalemba dzina la amuna anga ndi dzina la sukulu yawo. Mumtima ndinati akwiya tsiku limodzi, mawa aiwala. Sindinawauze.

Panapita milungu ingapo. A kago atanditumizira uthenga woti katundu waperekedwa, ndinauza Levisoni kuti akatenge kwa alamu ake. Ndinkaganiza kuti apita yekha madzulo ndi njinga, ana ataweruka. Iye sanapite. Anatuma gulu la achinyamata a chipani pa galimoto yokhala ndi chimkuzamawu, ndipo anafika nthawi ya buleki, ana onse ali panja.

Analowa pageti akuimba. Katoni inali pakhonde la ofesi. Anaing'amba pomwepo n'kuyamba kuvala. Ana anathamangira, ena a sitandade 8 anapatsidwa zipewa. Amuna anga anatuluka mu ofesi, anawauza kuti pano ndi pa sukulu, tulukani. Atawona kuti sakumva, ananyamula katoni ija okha kuti akaiponye kunja kwa geti. Akuyenda choncho, katoni ili pachifuwa, achinyamata atawazungulira ndi matisheti a chipani, ana akuvina pambali, munthu wina anajambula.

Chithunzi sichinena kumene munthu akulowera. Chimangoonetsa chimene wanyamula.

Ine ndinachiona amuna anga asanandiuze. Ndinali kudyetsa agogo supu, foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Nditatsegula gulu la anthu a kwathu, ndinaona nkhope ya amuna anga, pansi pake atalemba kuti ahedi asandutsa sukulu kukhala ofesi ya chipani. Ndinaika supuni pansi. Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimbanso, sanayankhe. Patapita masiku atatu ndi pamene uthenga wawo unabwera, mizere iwiri yokha: "Katundu wanu anafika. Ndaimitsidwa ntchito."

Kalata ya akuluakulu a zamaphunziro inanena kuti aimitsidwa kufikira mlandu wawo utamvedwa. Mlandu wake unali wolola zochitika za chipani pa malo a sukulu ndi kugawa katundu wa chipani kwa ana. Anawauza kuti apereke makiyi a ofesi kwa wachiwiri wawo. Ndipo aliyense wodziwa zinthu amene ndinamufunsa anandiuza chimodzimodzi, kuti mlandu wotere ukakukhalira, ntchito imatha, penshoni imapita, nyumba ya sukulu umatulukamo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, abale. Chifukwa cha ine.

Tsono ndimveni pano, chifukwa apa ndi pamene ndinadziwira kuti munthu alibe mphamvu. Ndinapita kwa madamu kukapempha kuti ndipite kumudzi ngakhale milungu iwiri. Madamu anga si munthu woipa, sindingawanamizire. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, "Nanga amama awanyamula ndani? Sadya akapanda kukuona iwe. Kontirakiti ikatha udzapita, inshallah." Kontirakiti inali itatsala ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndinabwerera kukachipinda kanga n'kudzifunsa kuti, ngakhale akanandilola, ndikanakachita chiyani? Ndikanakagogoda pa ofesi ya ndani? Ine amene sukulu ndinalekeza fomu 2?

Ndinaimbira Levisoni. Ndinati, "Pita ukawauze akuluakulu kuti katundu anali wako, kuti alamu ako anakana."

Iye anati, "Achemwali, musadandaule. Tikangopambana, ndi foni imodzi yokha zonse zikonzeka."

Chisankho chinafika, sanapambane. Nditamuimbiranso anati akakanena zimenezo a chipani amuona ngati wawagulitsa, komanso akhoza kudziputira mlandu. Kenako anasiya kuyankha foni zanga. Mwana amene ndinamubereka kumsana.

Amuna anga sanandinyoze. Ndikanakonda akanandinyoza. Ndikatumiza uthenga m'mawa ankayankha kuti, "Tadzuka." Ndikafunsa za mlandu ankati, "Tikudikira." Ndikati pepani, sankayankha. Munthu amene tinkacheza naye za mbuzi zathu, za ana, za aphunzitsi ake aulesi, anasanduka wa mawu amodzi.

Zimene zinkachitika pakhomo ndinkazimva kwa Tadala, mwana wathu wamkazi, amene ali ku sekondale. Tsiku lina ananditumizira mawu pa foni akunong'ona. Anati, "Amayi, adadi sakudya bwino. M'mawa amasamba, amavala malaya ositasita, n'kukhala pakhonde. Belu la kusukulu likalira amaimirira, kenako amakumbukira, amakhalanso pansi." Nyumba yathu inali mkati mwa mpanda wa sukulu. Ana ankadutsa pakhomo popita m'kalasi, ena ankapereka moni, ena makolo awo anawaletsa. Mawu a Tadala aja ndinawamvera kuchipinda chochapira, makina akuzungulira kuti madamu asamve kulira kwanga.

Ndinkabwera muno. Ena mukukumbuka kuti nthawi ya zopempherera ndinkakweza dzanja n'kunena kuti ndili ndi chopempha cha mumtima. Chinali chimenechi. Ndinkachita manyazi kunena kuti ndawononga ntchito ya mwamuna wanga ndi dzanja langa. Ndinkaimba nanu pakamwa pokha. Ndinasala kudya, koma ngakhale posala kudyapo sindinkadziwa choti ndipemphe. Ndipemphe kuti akuluakulu asaone chithunzi? Anali atachiona kale. Ndipemphe kuti lamulo lisinthe? Ndinkangoti, Ambuye, Ambuye, basi.

Lamulungu lina titaweruka, mayi Zulu, amene akhala apowa, anandipeza pamalo odikirira basi. Kwa amene simukuwadziwa, ndi namwino, kwawo ndi ku Chipata, ndipo asanabwere kuno anagwira ntchito zaka zambiri m'chipatala cha boma. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Imwe amake Tadala, mwaonda. Manje mundiuze, n'chiyani?" Ndinawauza zonse. Basi inabwera, inapita, ife tili chiimire.

Ndinkayembekeza kuti anena kuti boma ndi loipa. Ndinkafuna munthu woti akwiye nane limodzi. Koma iwo anati, "Lamulo limenelo si loipa, mayi."

Ndinati, "Si loipa bwanji, pamene likupha munthu wosalakwa, akuluakulu ovala nsalu za zipani akungoyenda?"

Iwo anati, "Akuluakuluwo nawonso akulakwa, kungoti palibe wowagwira. Koma taganizani. Mwabwera kuchipatala ndi mwana wodwala, inu ndinu a chipani china, mwandipeza ine ndavala chipewa cha chipani chimene munakangana nacho dzulo. Ndikakuuzani kuti mankhwala atha, mukhulupirira? Sukulu ija muli ana a anthu onse. Kholo lililonse liyenera kutumiza mwana wake mtima uli pansi. Amuna anu ankasunga chimenecho."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kundimenya. Ndinazindikira kuti pamene amuna anga ankakana, sankakana m'bale wanga. Ankasunga chinthu chimene ine sindinkachiona, ndipo ine ndinachiponda.

Mayi Zulu anati, "Chimene mungathe ndi chimodzi. Lembani zoona." Anandithandiza kulemba kalata yopita ku komiti yomva mlanduwo. Ndinalemba kuti katundu ndinagula ndine, kuti amuna anga anakana, kuti dzina lawo ndinalemba mwakabisira. Ndinajambula lisiti la a kago, ndinasaina, ndinatumiza zonse kwa amuna anga kuti akapereke. Anayankha mawu amodzi, "Ndalandira." Mphunzitsi wina mnzawo anandiuza kuti ndisadalire kwambiri, chifukwa mkazi aliyense angalembe kalata yotero kuti apulumutse mwamuna wake. Komabe inali kanthu kokhako kamene ndinali nako, ndiye mtima wanga wonse ndinaupachika pa kalata imeneyo.

Tsiku la mlandu linasinthidwa kawiri. Koyamba amuna anga anapalasa njinga mpaka kuboma n'kuuzidwa kuti wapampando wapita ku maliro. Kachiwiri anati mafayilo sanafike. Miyezi inayi inatha choncho. Munthu wangokhala pakhonde, ine ndili kuno, pakati pathu pali nyanja ndi chipululu.

Tsiku lenileni litafika, kunyumba kwa madamu kunali alendo, achibale awo ochokera kutali. Pakakhala alendo foni sitigwira. Ndinaisiya m'kachipinda kanga. Ndinkathira khofi m'timakapu, ndinkanyamula mbale za zipatso, ndinkamwetulira, koma mutu wanga unali m'chipinda china kumudzi chimene sindinachionepo, mmene amuna anga anaimirira okha pamaso pa anthu. Nthawi ya masana ndinapita kukawatembenuza agogo pabedi. Ndikuwakonzera pilo, misozi inagwera pa dzanja lawo. Agogowa sitimvana chilankhulo kwenikweni, mawu athu ndi ochepa. Anandigwira pamkono mwamphamvu, n'kunena kuti, "Khalas, habibti, khalas," kutanthauza kuti basi wokondedwa, basi, kenako analoza kumwamba ndi chala. Mayi wa chipembedzo china, wosadziwa kanthu za mlandu wanga. Ndinagwada pambali pa bedi lawo, ndinati, "Ambuye, ine ndalephera. Ndinawononga ndekha, koma kukonza sindingathe. Chitani Inu."

Tsiku limenelo sikunabwere uthenga. Mawa lake sikunabwere uthenga. Tadala anangoti adadi abwera, alowa kuchipinda, sananene kanthu. Chigamulo chinali choti chidzabwera pa kalata. Tinadikiranso milungu itatu.

Linali Lachinayi masana, ndikuyanika zovala, foni inalira. Anali amuna anga. Miyezi yonseyi anali asanandiimbirepo okha. Ndinakhala pa chidebe.

Anati, "Mayi a Tadala, kalata yabwera. Sanandichotse."

Iwo anapitiriza pang'onopang'ono, mmene amayankhulira. Anati apezeka olakwa pa kulandira katundu wa chipani pa sukulu, koma osati pa kugawa. Uhedi awachotsa. Awapatsa chenjezo lomaliza, ndipo awasamutsira ku sukulu ina yakutali, kumapiri, kumene galimoto sifika nthawi ya mvula. Abwerera m'kalasi ngati mphunzitsi wamba. Koma ntchito ilipo, penshoni ilipo.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti kalata yanga inathandiza?"

Iwo anati, "Kalata yanu sindinaipereke."

Ndinati, "Chifukwa chiyani?"

Anati, "Inali m'thumba la jekete. Atandifunsa kuti katundu anachokera kuti, ndinaigwira. Koma ndinaona kuti aiwerenga mokweza, dzina lanu lilowa m'mafayilo, mawa dera lonse likhala likunena za inu. Sindikanakuimikani pakati pa anthu inu mulibe pakamwa poti mudziyankhire. Komanso, mayi, ine ndinali ndi kulakwa kwanga. Dalaivala atatsitsa katoni ija, ndinaona dzina lanu, ndinadziwa chimene chinali mkatimo. Ndikanaibweza pageti pomwepo. Ndinasaina chifukwa sindinafune kuti katundu wa mkazi wanga abwerere ngati wopanda mwini. Ndinawauza zimenezo, kuti ndinadziwa ndipo ndinasaina."

Abale, mwamva? Kanthu kamodzi kamene ine ndinachita, kamene ndinkati mwina kapulumutsa banja langa, sikanatuluke n'komwe m'thumba. Ine ndinalibe gawo lililonse pa chipulumutso chimenechi. Ndinali ndi gawo pa kugwetsa pokha.

Ndinawafunsa kuti nanga chinachitika n'chiyani. Anati pamene ankaganiza kuti zatha, wapampando anaitana mboni ina. Analowa bambo wina wachikulire amene ndi wapampando wa komiti ya makolo pa sukulupo. Bambo ameneyu aliyense amadziwa kuti ndi wa chipani chimene chinkapikisana ndi Levisoni, ndipo amuna anga ankaganiza kuti wabwera kudzawamaliza. Palibe anamupempha kumbali yathu. Anabwera yekha, wapansi. Anauza komiti kuti tsiku limenelo analipo, anabwera kudzaona za njerwa za chimbudzi, ndipo anaona ndi maso ake ahedi akuthamangitsa achinyamata aja ndi kunyamula katoni kupita nayo kugeti. Anati chithunzicho anthu a chipani chake omwe ndi amene anachifalitsa, ndipo iye anakhala chete nthawi ya kampeni chifukwa chinkawathandiza, koma chikumbumtima chamusowetsa mtendere. Anati ana ake anayi anaphunzitsidwa ndi ahedi amenewa, ndipo sanamvepo tsiku limodzi mwana akubwera kunyumba ndi mawu a ndale ochokera kwa iwo.

Ndani anamudzutsa bambo ameneyo? Ine sindikumudziwa bwino, sindinamuimbire, nambala yake ndilibe. M'bale wanga weniweni anathawa, koma Mulungu anakatenga munthu wa mbali ina n'kumuyendetsa wapansi mpaka kuboma. Ndani angachite zimenezo, abale?

Pa foni pomwepo ndinalira, ndinati, "Bambo a Tadala, ndikhululukireni. Munandiuza, sindinamve. Ndakuchotserani ulemu umene munaugwirira ntchito moyo wanu wonse."

Iwo anati, "Zinandipweteka, mayi. Sindinama. Ndinkakhala chete chifukwa ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndinena mawu oti sindidzatha kuwabweza. Koma zatha. Ndakukhululukirani."

Sindikuimirira pano kuti ndikuuzeni kuti zonse zabwerera mwakale. Sizinabwerere. Amuna anga salinso ahedi, ndipo mwina sadzakhalanso. Mwana wathu wamng'ono wasintha sukulu pakati pa chaka. Levisoni mpaka lero sitinayankhulane, ndipo ndikupempha kuti mundipempherere, chifukwa ndikamuganiza mtima umatentha, pamene ine ndakhululukidwa zazikulu. Ndiponso ndikupempheni inu amene muli ndi amuna, akazi, kapena abale ogwira ntchito m'boma kumudzi, aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi: akakuuzani kuti ichi sindiloledwa, amvereni. Ife tili kuno timatumiza zinthu mosavuta, timalemba maina a anthu pa mapepala ndi m'magulu a pa foni, kenako timabwerera kukatsuka mbale zathu. Moto umakayaka kwa amene ali pafupi.

Amuna anga anasamuka mwezi wathawu. Katundu anakwera pa thirakitala chifukwa lole inakana msewu. Lachisanu lapitali anandiimbira ataima pa chulu, poti ndi pokhapo pamene foni imagwira. Anati awapatsa sitandade 3, ana ochuluka kuposa mipando, ena amakhala pansi, ndipo ambiri sadziwa kulemba dzina lawo. Koma mawu awo anali amoyo, abale. Anandifotokozera za kamtsikana kena kamene kanalemba chilembo choyamba n'kuthamanga kukaonetsa anzake panja. Anaseka. Ndinali nditaiwala kuseka kwawo.

Kenako anati, "Nyumba yake ndi yaing'ono, khitchini ilibe chitseko. Koma kuseri kuli malo abwino a dimba, madzi ali pafupi. Sindinadzalepo kanthu. Ndati mukabwera mudzasankhe nokha choti tidzalepo."

Mukabwera. Ine amene ndinkaganiza kuti ndilibenso khomo lobwererako, akundisungira dimba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira ntchito pamene manja anga anali omangidwa. Ndikuthokoza abusa ndi inu nonse amene munapempherera chopempha chimene simunkachidziwa. Mayi Zulu, zikomo chifukwa simunandinyengerere. Miyezi yonseyi ndalira ndekha kuchipinda chochapira, ndiye lero sindikufuna kukondwera ndekha. Ndikupempheni muimirire nonse, amayi a kwaya mutitsogolere, muombe m'manja pamodzi ndi ine, timuyamike Yehova amene sanandibwezere monga mwa kulakwa kwanga. Amen.